Tsiku Limene a Malachy Anagwira Chiwaya

Kwathu ku Knockaveen Misa ya pakhomo imayenda khomo ndi khomo. Imabwera kawiri pachaka, nthawi yodzala mbatatesi ndi nthawi yokumba, ndipo ikachoka kwanu imakazungulira mudzi wonse n'kudzakupezaninso imvi zitachuluka. Wansembe amafika m'mawa asanalawe kanthu, amalapitsa anthu kuchipinda, amachita Misa patebulo la kukhitchini, kenako amadya kadzutsa wokazinga: nyama ya nkhumba yodula mopyapyala, soseji, soseji ya uwende, mazira, ndi buledi wokazingira m'mafuta otsalawo. Za Misayo palibe amene amakamba. Misa ndi Misa. Chimene anthu amakamba mpaka chaka chinacho ndi kadzutsayo.

Lamulo lake aliyense amalidziwa, ngakhale palibe anamvapo wina akulitchula. Azimayi a m'mudzi amabwera kudzathandiza kudula buledi, kupaka batala, kuthira tiyi ndi kutsuka mbale. Koma chiwaya amagwira ndi mayi wapakhomopo, yekha. Khomo lopanda wogwira chiwaya amalidumpha. Salengeza ayi, amangolidumpha mwaulemu, ndipo khomo limene ladumphidwa kamodzi silibwereranso mumzere. Tinaziona kwa a Lavelle, tinazionanso kwa a Padden. Poyamba inasiya kufika ndi Misa, kenako anasiya ndi anthu, ndipo lero m'nyumba zimenezo mumagona nkhosa.

Chaka chimenecho mzere unafika kwa a Malachy Tuohy, mkulu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, amene akazi ake, a Dympna, anali atamwalira chilimwe chisanathe. Ana awo onse anali ku Amereka. Pakhomo panatsala iwo, galu, ng'ombe ziwiri ndi nkhuku.

Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, wansembe wathu, Abambo Devaney, anawakokera pambali.

"A Malachy, za Misa ya kwanu ija musavutike nazo mtima. Aliyense akumvetsa. Tingopitirira kwa a Hanly."

"Kwathu kwatani, Abambo?"

"Ayi, sikuti kwatani. Kungoti pali nkhani ya kadzutsa."

"Nkhumba ndapha. Nkhuku zikuikira."

"Nanga wokazinga?"

"Manja ndili nawo awiri, chimodzimodzi malemu."

Abambo anayang'ana manjawo. Anali manja abwino kwambiri pozula mwana wa ng'ombe wokanirira m'mimba mwa make. Anapumira m'mwamba n'kunena kuti adzabwera Lachiwiri la sabata yachitatu.

Tsono tinene chilungamo: a Malachy anali asanakazingepo ngakhale dzira limodzi chibadwire. Chichokereni kumaliro ankakhalira tiyi, buledi ndi mbatatesi yowiritsa. Kadzutsa wokazingayu anamudya Lamulungu lililonse kwa zaka zoposa makumi anayi, atakhala pampando wawo, nsana atalozetsa kumoto, akuwerenga mitengo ya ng'ombe m'nyuzi. Amuna akwathu, abale inu! Munthu amadziwa dzina la nkhosa iliyonse paphiri ndi dzina la make, koma mum'funse kuti mbale imene ili patsogolo pake yafika bwanji, akuyang'anani ngati mwamufunsa za Utatu Woyera.

Mayi Philomena Gilhooly, oyandikana nawo nyumba, anafika kutatsala sabata imodzi kuti Misa ichitike. Anali mzawo wa malemu kuyambira ali atsikana, mayi wamfupi, wosaseka chisawawa, amene ngakhale ansembe ankayamba ndi iwo kupereka moni.

"A Malachy, tiyeni tichite chonchi. Ine ndikazingira kwathu, ndibweretsa m'dengu, ndikupatsirani pawindo lakuseri. Inu muzingogwedeza chiwaya kuti chizimveka."

"Mayi Gilhooly, Abambo aja amadziwa dzira la mayi aliyense muparishi muno. Lanu adzalizindikira lisanafike n'komwe patebulo."

"Ndiye mutani?"

"Mubwere mudzadule buledi monga mwa nthawi zonse. Chiwaya musachikhudze."

"Chabwino. Manja anga adzakhala pachikwama."

Misa ikamayandikira, kwathu chilichonse chimapakidwa laimu. Makoma, mpanda, khola, miyala ya m'mbali mwa njira, ndipo galu akagona malo amodzi nthawi yaitali nayenso amadzuka ali woyera. Ntchito imeneyi a Malachy ankaidziwa. Anapaka, anasesa, anakolopa, anachotsa akangaude amene anali atakhala m'nyumbamo kuyambira nthawi ya makolo awo. Atatha zonse maso awo anagwera pachiwaya chimene chinali pamsomali pafupi ndi moto. Chinali chakuda bii, m'kati monse muli chikhakha cha mafuta akalekale.

Anachiyang'ana nthawi yaitali, mtima ukuwawa. Ndiye kuti a Dympna, Mulungu awalandire, mayi waukhondo ngati ameneyo, analinso ndi kauve kawo kobisika. Anaganiza zowabisira manyazi anthu asanaone. Anachitenga chiwayacho kupita nacho kumtsinje, n'kuchikwecha ndi mchenga ndi phulusa m'mawa wonse, mpaka anayamba kudzionamo nkhope. Pobwerera anali atawakhululukira malemuwo ndi mtima wonse.

Lachiwirilo kunacha ndi mvula yowaza, monga kumachera masiku onse. Anthu anadzaza khitchini, ena mpaka pakhomo. Abambo analapitsa, anachita Misa, ndipo pa nthawi imene onse anagwada chete, mimba yawo inalira momveka mpaka kumpanda. Palibe anaseka. Aliyense ankadziwa kuti munthuyo sanadye chilowereni dzuwa, komanso ankadziwa amene akamukazingire.

Misa itatha Abambo analowa kuchipinda cha alendo, chimene chimatsegulidwa pa Misa ndi pa maliro pokha, amuna akuluakulu akuwatsata. Mmenemo mpando wa kudzanja lamanja la wansembe ndi wa bambo wapakhomo. Ntchito yake ndi kucheza za nyengo ndi za ng'ombe mpaka mbale zifike. A Malachy ankakhala pampando umenewo pa Misa zonse za m'nyumbamo, koma tsiku limeneli anaima pakhomo akuuyang'ana. A Festy Gilhooly, amuna awo a mayi Philomena, anawadutsa n'kukhalapo, miyendo n'kutambasula.

"Ndikusungirani, achimwene, ungazizire. Inu kazipitani kwa amayi anzanu."

A Malachy anabwerera kukhitchini. Anamanga thumba la ufa m'chiuno. Pabenchi la kukhoma panali patakhala azimayi, buledi atadula kale, batala atapaka kale, aliyense chikwama chake pamaondo ndipo manja pachikwama. Pakati panali mayi Gilhooly, pambali pawo mayi Concepta Hanly, amene Misa yotsatira inali yopita kwawo.

Anatsitsa chiwaya pamsomali. Chinawala.

"Mayi Maria Woyera," anatero mayi Hanly motsitsa, akulemba chizindikiro cha mtanda.

Mayi Gilhooly anangotseka maso pang'ono, monga amachitira munthu bokosi likamatsikira m'manda.

A Malachy anaona ngati akusilira. Anaika chiwaya pamoto waukulu, n'kudikira chitenthe mpaka chinayamba kusintha mtundu. Kenako anaganiza kuti ntchito imayambira pa chopepuka, ndiye anaswera mazira anayi m'chiwaya chouma. Mazirawo analira kamodzi, tsweee, n'kumamatira pomwepo ngati anabadwira m'chitsulomo. Anayesa ndi supuni. Anayesa ndi mpeni. Utsi unadzaza khitchini. Zimene anapala anaponyera galu, ndipo galuyo ananunkhiza, anawayang'ana, n'kutuluka panja pamvula.

Anaswa ena anayi. Zinachitika zomwezo.

Kuchipinda kuja Abambo anatsokomola. Mawu a a Festy anamveka bwinobwino: "A Malachy! Kodi nkhukuzo mukuchita kuzidikira kuti ziikire?"

Apa a Malachy anachita mantha, mantha enieni, oposa amene anachita tsiku limene dokotala anavula chipewa pakhomo pawo, a Dympna atatsirizika. Anayang'ana khitchini imene anabadwiramo, laimu wake ali mbee, ndipo anaona nkhosa zitagona pamene panali benchi. Akanangotembenuka n'kunena kuti mayi Gilhooly, gwirani, zonse zikanatha m'kanthawi kochepa, Abambo akanadya bwino, ndipo khomo la a Tuohy likanatha tsiku lomwelo. Anangoima, mpeni uli m'manja, chiwaya chikufuka.

Ndi pamene mayi Gilhooly anatembenukira kwa mayi Hanly, n'kuyamba kucheza ngati ali pamzere wa kuchipatala.

"A Concepta, munamva za munthu uja wa kuseri kwa phiri, amene anakwecha chiwaya ndi mchenga?"

"Aa, musandiuze! Munthu wobatizidwa?"

"Wobatizidwa, wolimbitsidwa, wokwatira mutchalitchi."

"Chiwaya chimene mafuta ake anatenga zaka kuti akhazikike?"

"Chomwecho. Cha akazi ake."

"Kalanga ine. Ndiye anatani munthuyo?"

"Akuti choyamba anachichotsa pamoto. Moto unali waukulu ngati akuwotcha njerwa."

A Malachy anakanda mutu, anayang'ana kudenga monga munthu amene wangokumbukira kanthu payekha, n'kuchotsa chiwaya pamoto.

"Kenako akuti anapalasa makala pang'ono pambali," anapitiriza mayi Gilhooly, maso ali pa mayi Hanly. "Anadula chikopa cha nkhumba, chamafuta kwambiri chija, n'kuchipaka m'chiwaya monse, m'mbali momwe, mosathamanga."

"Anali ndi nzeru ndithu, pa munthu wopusa."

"Apo ndi apo."

A Malachy anapalasa makala. Anadula chikopa. Anapaka, mosathamanga. Khutu lawo linali litafiira ngati la nkhumba yometa, koma nkhope inali ya munthu amene sakumva chilichonse.

"Malemu amayi anga," anatero mayi wina kumapeto kwa benchi, akuuza khoma, "ankati nyama ndiyo imayamba kulowa. Ndiyo imabwera ndi mafuta. Dzira ndi mlendo, limafika zonse zitakonzeka."

"Ndipo soseji amaiboola kaye ndi foloko," anatero mayi Hanly. "Apo ayi imaphulika. Mlamu wanga anatsala pang'ono kutaya diso."

Nyama inalowa. Inayamba kulira kulira kwina, kofatsa, ndipo fungo limene linakwera linali loyamba m'mawa umenewo kufanana ndi chakudya. Galu anabwerera n'kukhala pakhomo. Soseji zinabooledwa n'kulowa. Kenako pabenchi panangoti zii. A Malachy anaima ndi soseji ya uwende m'manja, atadula kale mapisi, osadziwa ngati nthawi yake yakwana. Anadikira. Azimayi ankayang'ana zikwama zawo. Pomaliza anatembenukira kwa galu.

"Iwe galu, munthu wa kuseri kwa phiri uja, uwende ankauika nthawi yanji?"

"A Concepta," anatero mayi Gilhooly, "ndaiwala kukuuzani. Uwende ankauika soseji zikayamba kufiira mbali imodzi. Ndipo ankautembenuza kamodzi kokha. Ukaugwiragwira umanyenyeka."

"Zikomo, galu," anatero a Malachy.

Zinayenda choncho. Koma chiwaya chokwechedwa sichichira tsiku limodzi, ndipo pochotsa nyama ina imene inakakamira, a Malachy anakankha mwamphamvu, chiwaya n'kupendekeka. Mafuta anatayikira pamakala, moto unalumpha mpaka kufika pachigwiriro. Dzanja la mayi Gilhooly linachoka pachikwama lokha, linauluka, linatsala pang'ono kwambiri kugwira. Linaima m'malere. Analibweza, ndipo pofuna kuti lisachitenso zimenezo anadzuka pang'ono n'kukhalira manja onse awiri. A Malachy anagwira chigwiriro chotenthacho ndi dzanja lopanda nsalu, anachikweza kuchoka m'malawi, n'kuchigwirabe mpaka moto unatsika. Sanakuwe. Anangotchula motsitsa dzina la woyera wina amene sali pa kalendala.

"Nsalu ili pamsomali, kwa amene akuifuna," anatero mayi Hanly, akuuza denga.

Mazira anafika pomaliza. Benchi linagwirizana kuti dzira silifuna moto wapansi, limafuna kulithira mafuta otentha pamwamba ndi supuni mpaka diso lake lichite ng'ala. A Malachy anathira. Pa mazira onsewo atatu anatuluka amaso athunthu, otsalawo anasweka pochotsa. Buledi analowa kukapukuta zotsala.

Azimayi ananyamula mbale kupita nazo kuchipinda cha alendo, chifukwa kunyamula n'kololedwa. A Malachy anawatsata n'kuima pakhomo, thumba la ufa lili m'chiuno, dzanja atakulunga nsalu. Mbale ya Abambo inali ndi dzira lathunthu limodzi, nyama youma ngati lamba, uwende umene unapulumuka theka, ndi soseji ziwiri zakuda mbali ina, zotuwa mbali inayo. Abambo anadalitsa chakudyacho nthawi yaitali kuposa masiku onse. Kenako anadya. Palibe amayamba wansembe asanayambe, ndipo palibe amasiya wansembe asanasiye, choncho amuna onse anatafuna nawo mwakachetechete. A Festy ankamveka nsagwada.

Mbale itayera a Malachy anachita zimene mayi wapakhomo aliyense amachita.

"Muonjezere, Abambo."

"Ayi, a Malachy, ndakhuta ndithu."

"Kasoseji kamodzi kokha."

"Ayi, zikomo, sindingathe."

"Aa, Abambo, mwaona vuto lanji ndi chakudya cha pakhomo pano?"

Kwathu ukakana kachitatu ndiye kuti watukwana. Abambo analandira soseji ziwiri zina, zakuda mbali zonse. Anazimaliza. Anamwa tiyi makapu atatu motsatizana, anaimirira, anati Mulungu adalitse nyumba ino ndi onse okhalamo, anatenga chipewa n'kupita kukakwera galimoto yawo. Amuna anawaperekeza mpaka kumpanda n'kutsalira komweko kusuta.

A Malachy anatsala pakhomo. Ankadikira liwu limodzi, loti tidzabweranso, kapena loti mwayesetsa. Silinabwere. Anayang'ana galimoto mpaka inakhota, ndipo anadziwa mumtima kuti zatha, anapsa dzanja pachabe. Analowa kukhitchini akukoka miyendo.

Azimayi anali atakokera benchi kutebulo. Iwo amadya pomaliza, zotsala, ndipo pa Misa zonse za m'nyumbamo a Malachy anali asanaonepo n'kamodzi komwe kudya kumeneku, chifukwa nthawi imeneyo amakhala ali kumpanda ndi fodya. Mayi Hanly anasendera, n'kuwasiyira malo.

"Khalani. Wogwira chiwaya amadyera pano."

Anakhala, pakati pa zikwama.

"Abambo sananene kanthu," anatero.

"Anene chiyani?" anafunsa mayi Gilhooly, akuthira tiyi. "Abambo amapita kumene tawauza. Mumayesa mzere umenewu amakonza ndani? Kodi ndi Papa?"

Anatenga chidutswa cha buledi wokazinga uja, anachitembenuza, anachiyang'ana kunsi, n'kuluma. Anatafuna nthawi yaitali. Tebulo lonse linadikira.

"Wauma," anatero. "Nyama mwaipsereza. Chiwayacho chidzafuna zaka kuti chichire, ndipo mukadzachiyandikitsanso kumtsinje ndidzabwera ndekha kudzakukwechani inuyo." Anamwa tiyi. "Koma pa Misa yoyamba, taonapo zoposa apa."

"Ine yanga yoyamba ndinakalirira m'khola la ng'ombe," anatero mayi Hanly. "Apongozi anga anabweza dzira."

"Tsono mumve," anapitiriza mayi Gilhooly. "Khomo limene lili mumzere limatumiza mayi wake kukathandiza kwa anzake. Yotsatira ndi ya kwa a Concepta, nthawi yodzala. Mudzafike m'mawa, Abambo asanabwere."

"Ine?"

"Kodi pakhomo pano pali mayi wina?"

"Ndidzakhale pabenchi? A Festy adzandiseka mpaka kumanda."

"A Festy ndi anga, asiyeni kwa ine."

A Malachy anayang'ana kapu yawo. Ndiye kuti khomo silinadumphidwe. Anafuna kunena zikomo, koma mawu amenewo kwathu sanenedwa pa zinthu zikuluzikulu, ndiye anafunsa zina.

"Malemu ankagwira ntchito yanji kumeneko?"

"Ankadula buledi," anatero mayi Gilhooly. "Ndipo ankatiseketsa. Palibe Misa imene tinabwerako nthiti zisakuwawa."

"Ankakuseketsani ndi chiyani? Kunyumba kuno sanali wanthabwala."

"Nkhani zake zonse zinali za inu."

Benchi lonse linagwedeza mitu, mwaulemu, monga anthu ovomereza umboni.

"Zaka zonsezi?"

"Zonse. Ndipo tsiku limene wina anayesa kuthirirapo ndemanga, sanamulankhule mpaka Khirisimasi. Ankati woyenera kuseka a Malachy ndi iwo okha."

A Malachy anatenga buledi kuti alume. Misozi inatsika poyera, mpaka kuchibwano, ndipo analibe dzanja laufulu loipukutira chifukwa lina linali ndi nsalu, lina buledi. Anawasowa akazi awo pamenepo kuposa tsiku la maliro.

"Ndi utsi umenewu," anatero mayi Hanly.

Onse anavomereza kuti unalidi utsi, ngakhale chitseko chinali chitatsegulidwa kalekale. Mayi Gilhooly anawakankhira shuga pafupi.

"Inu mudzangodula buledi," anatero. "Mudzabwere ndi mpeni wanu, wa kwa a Concepta ndi wobuntha."